Namondwe Kummwera, Nkhokwe ku Mchinji

Pa 12 Malichi 2023 linali Lamulungu lachitatu la nyengo ya Lenti. M'matchalitchi onse a Katolika tinamva Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera, mutu 4, wonena za mai wa ku Samariya amene Ambuye Yesu anampempha madzi pachitsime. Ife a kuno ku Mchinji tinabwerera kumudzi Misa itatha, tikuyang'ana chimanga chathu chimene chinali chitabereka kale, osadziwa kuti usiku womwewo madzi adzasanduka mdani wa abale athu kummwera. Kutacha Lolemba wailesi inayamba kutchula maina: Chilobwe, Soche, pambuyo pake Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Nsanje.

Namondwe ameneyu, amene akatswiri a zanyengo anamutcha Freddy, anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa mwezi wa Febuluwale. Anaoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, nakantha Madagascar, nalowa m'Mozambique, nabwereranso kunyanja ngati munthu woiwala kanthu. Ndipo atatenga mphamvu zatsopano anatulukiranso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Anakhala ndi moyo masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotere. Kuno kwathu boma linawerenga anthu 679 omwalira ndi ena oposa 500 osowa, amene ambiri a iwo sanaoneke mpaka lero. Oposa 650,000 anasiya nyumba zao. Zonsezi zinagwa dziko lili kale pankhondo yolimbana ndi kolera. Zoonadi, mvula ikakuona litsiro siikata.

Wina angafunse: nanga nkhani imeneyi ikutikhudza bwanji ife a kumalire a kumadzulo? Anamondwe amachokera kunyanja ya kummawa, ndipo akamafika kumtunda kuno mphamvu zimakhala zitatha. Phiri la Kachebere silinagumuke, mtsinje wa Bua sunakokolole midzi monga anachitira Ruo. Komatu boma lathu lino ndi limodzi mwa nkhokwe za Malaŵi, dziko la chimanga, mtedza ndi soya; ndiponso ndi malo amodzi amene Mpingo wathu unayambira kuzika mizu. Tsono pamene kummwera kuli maliro, funso limene limagwera ife ndi la mwini nkhokwe: adzaitsekula liti, ndipo adzatsekulira yani? Funso limeneli si lachilendo. Amishoni amene anabweretsa chikhulupiriro kuno analimbana nalo asanaponde n'komwe dothi la Nyasaland.

Ambiri a ife timawadziwa Abambo a White Fathers monga omanga matchalitchi ndi masukulu, koma ndi ochepa amene akudziwa kuti chipani chao chinabadwira m'tsoka. M'zaka za 1867 ndi 1868 dziko la Algeria linagwa m'njala yoopsa, chifukwa cha chilala ndi dzombe, ndipo pamwamba pa njalayo panadza kolera. Charles Lavigerie, amene anali atangokhala Arkiepiskopi wa Algiers, anayamba kutola ana amasiye m'misewu, oposa chikwi chimodzi, pafupifupi onse ana a Asilamu. Anasowa anthu owasamala. Ndipo pofuna anthu otere ndi pamene anayambitsa chipani cha ansembe ndi abulazala mu 1868, ndi cha masisitere mu 1869. Kunena kwina, amishoni athu oyamba anayamba ndi kuphika phala, kulalika kunadza pambuyo.

Koma ntchito yabwinoyi inabala mkangano nthawi yomweyo. Bwanamkubwa wa dzikolo, Marshal MacMahon, anamuneneza Lavigerie kuti akudyera masuku pamutu njala ya Asilamu kuti akolole akhristu. Lavigerie anakana kolimba, ndipo anakananso kuwabweza anawo. Tisafulumire kumuyeretsa chifukwa choti ndi kholo lathu. Ambiri mwa ana amene anapulumuka anabatizidwadi, ndipo atakula anawamangira midzi yaoyao yachikhristu, imene inakhala ngati zilumba pakati pa abale ao. Midziyo sinatembenuze dziko la Algeria. Inangopatula anthu ochepa. Chimene tingamutamande nacho n'chakuti anaphunzira. Potumiza ansembe ake kwa anthu a ku Kabylia anawalamula kuti achize odwala ndi kuphunzitsa ana, koma asathamangire kubatiza. Ndipo potumiza ena ku Africa wa pakati anaika lamulo limene agogo athu analimva kuwawa kwake: munthu wamkulu aphunzire zaka zinai asanalandire ubatizo. Lamulo limenelo linali ndi zifukwa zingapo, koma chimodzi chikuonekeratu: munthu angathe kunamizira chikhulupiriro tsiku limodzi chifukwa cha mbale ya nsima, koma sangachinamizire zaka zinai.

Ulendo wao woyamba m'dziko muno unathera kwa Mponda, kummwera kwa nyanja, kumene anafika kumapeto kwa 1889. Mfumuyo inali Msilamu. Anakhalako mpaka 1891 akutsuka zilonda ndi kuphunzitsa ana, nachoka osasiya mpingo. Anabweranso mu 1902, natsekula Chiwamba ndi Mua. Ndipo mu 1903, motsogozedwa ndi Bambo Mathurin Guillemé, anafika patsinde pa phiri la Kachebere, pamalire enieni a Nyasaland ndi North-Eastern Rhodesia.

Tiyeni tiime pang'ono tione anthu amene anawapeza. Zaka zisanu zokha zinali zitapita chichitikire nkhondo ya 1898, pamene asilikali a Angerezi anathyola Angoni a Mpezeni, nawombera mwana wake Nsingo, natenga ng'ombe zikwizikwi. Malinga awiri, Fort Jameson (Chipata wa lero) ndi Fort Manning (Mchinji wathu), anaima ngati zikhomo zokhomera dziko logonja. Msonkho unayamba kukoka amuna kupita kuminda ya azungu ndi kumigodi ya kummwera. Anthu amenewa sanakanthidwe ndi namondwe, koma anali ngati anthu otuluka m'chigumula: chuma chapita, ulamuliro wapita, mitima ili m'malere. Kwa anthu otere mishoni inaoneka ngati mtengo wa mthunzi. Kunali mankhwala, kunali sukulu, kunali ganyu woumba njerwa, kunali mzungu amene ankalankhula chinenero chao ndipo nthawi zina ankawayankhulira kwa mzungu mnzake wa kuboma.

Sanali okha m'deralo. Amishoni a Dutch Reformed anali atakhazikika kale ku Magwero kuyambira 1899, ndipo mipingo iwiriyi inayamba kulimbirana midzi, aliyense kufuna kuti nyakwawa ilole sukulu yake mnzake asanafike. Mpikisano umenewu unabala masukulu ambiri, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma unasiyanso chipsera chimene sitinachipolebe, ndicho chizolowezi choyesa chifundo ngati nyambo, ndi chowerenga anthu ovutika monga "athu" ndi "a enawo".

Chipsera china n'chobisika koposa. Popeza kuti chithandizo chonse chinkatuluka pakhomo la Abambo, ndipo Abambowo ankachilandira kuchokera kwa akhristu a ku France, Holland, Germany ndi Canada, anthu anazolowera kuganiza kuti Mpingo ndi nyumba ya njerwa ija ya pamishoni, ndipo kuti chifundo ndi katundu wobwera pasitima. Sitikunyoza ai. Ndalama zimenezo zinali za amai amasiye ndi ana a sukulu a kutali amene ankadzimana chifukwa cha anthu osawadziwa. Ndizo zinathandiza kumanga Guilleme mu 1935, seminale yaikulu ya Kachebere mu 1939, ndi zipatala zimene mpaka lero zikupulumutsa amai oyembekezera ku Guilleme, ku Ludzi ndi ku Kapiri. Koma akulu anati mlendo ndi mame. Mame amanyowetsa udzu m'mawa, sangakulitse chimanga.

Masoka sanaleke kubwera. Mu Disembala 1946 mvula ya namondwe inagwa pa Zomba, phiri linatsika ndi miyala ndi matope, milatho inapita. Anthu anati wadutsa Napolo. Mu 1949 mvula inakana, ndipo njala inasautsa kwambiri chigawo cha kummwera, amuna ena mpaka kuthawa mabanja ao. M'masiku amenewo munthu wanjala ankayang'ana kuwiri kokha kunja kwa abale ake: kuboma kwa Bwana Disii, ndi kumishoni. Palibe amene ankayembekeza kuti akhristu wamba a boma lina, alimi okhaokha, angasonkhe kanthu kooneka m'dzina la Mpingo.

Munthu amene anagwedeza maganizo amenewa anali mwana wa ku Mua, wophunzira wa pa Kachebere pomwe pano, ndiponso wa chipani cha White Fathers: Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anayendetsa msonkhano wa dayosizi yonse, kufunsa maganizo a akhristu mpaka kumidzi, ndipo mutu wake unali mau atatu amene tonse timawadziwa pamtima: Mpingo ndife tonse. M'menemo ndimo munachokera miphakati yathu. Cholinga chinali chakuti Mpingo udzitumikire wokha, udzifalitse wokha, udzidyetse wokha. Boma la nthawi imeneyo linaona timagulu ta akhristu tokumana m'midzi ndi diso lokayika, ndipo mu 1976 Ambuye Kalilombe anayenera kuchoka m'dziko muno. Koma miphakati inatsala. Titha kunena kuti kuyambira pamenepo nkhokwe ya Mpingo inasamuka, kuchoka kuseri kwa nyumba ya Abambo kupita pabwalo la mudzi. Funso n'lakuti kodi titaisamutsa tinaikamo kanthu?

Mayeso anabwera motsatana. Kuyambira 1986 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza maboma a m'malire, mpaka chiwerengero chao m'dziko lonse chinapitirira miliyoni imodzi. Mabungwe a kunja asanafike ndi matenti, amene anayamba kuwalandira anali anthu a m'midzi, olankhula chinenero chimodzi nao, amene anawagawira ufa ndi malo ogona. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumukira pa Phalombe, ndi kupha anthu mazana angapo. Apa Mpingo unali utakhala kale ndi dzanja lake lothandizira pa masoka, bungwe la Caritas Malawi, limene lero timalitcha CADECOM.

Koma chaka chimene ife a ku Mchinji sitingachiiwale ndi 2002, pakuti m'chaka chimenecho mwini nkhokwe ndiye anagona ndi njala. Mvula ya kumayambiriro kwa 2001 inachuluka, minda inalowa madzi, zokolola zinatsika. Ndipo chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Chenjezo lina loyamba linachokera kuno, pamene a Save the Children anapima ana a m'boma lino kumapeto kwa 2001 napeza kuti zinthu zaipa. Koma akuluakulu anachedwa kumva. Ife amene tinali ana nthawi imeneyo tikukumbukira phala la gaga, zitsa za nthochi zosinjidwa, mbuzi yogulitsidwa pa mtengo wa nkhuku, ndi nkhanza zimene anthu ankachitira mnzao wogwidwa ndi chimanga chachiwisi m'munda wa eni. Mu Febuluwale 2002 ansembe a Katolika, amene ankaika maliro tsiku ndi tsiku, anapempha boma poyera kuti livomereze kuti m'dziko muli tsoka. Ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza. Chimanga chimene chinatipulumutsa chinachokera kutali, ndipo amene anachitumiza sanatifunse za ubatizo wathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: ife mwambi umenewu tinauphunzira ndi mimba, osati ndi makutu.

Tsono tibwerere ku 2023. Namondwe asanabwere uyu tinali titalandira kale Idai mu 2019, ndi Ana ndi Gombe mu 2022. Koma Freddy anaposa onse. Papa Fransisko anatchula Malaŵi pamaso pa dziko lonse pa 15 Malichi, natipempherera. Maepiskopi athu anapempha akhristu ndi anthu onse akufuna kwabwino kuti asonkhe chimene angathe. Maiko oyandikana nafe, Tanzania ndi Zambia, anatumiza asilikali ndi ndege. Ndipo chinthu chimene agogo athu a mu 1949 sakanachilota chinaoneka: akhristu wamba, Asilamu, ana a sukulu, amalonda a mumsika, akusonkha zovala, ndowa, sopo ndi ufa, kutumiza kwa anthu amene sanawaonepo. Mbeu imene inafesedwa mu 1903, nithiriridwa mu 1973, inaonetsa ngala. Tiyenera kuyamika Mulungu pa chimenechi mosanyinyirika.

Komabe mbiri imene tafotokozayi ikutikakamiza kudzifunsa zinthu ziwiri, ndipo choyamba ndi chija cha MacMahon ndi Lavigerie. Pamsasa wa anthu othawa madzi pamafika magulu amitundumitundu. Ena amatsitsa matumba, napemphera ndi amene afuna, nachoka. Ena sayamba kugawa mpaka anthu atamva ulaliki wa maora awiri padzuwa, atakweza manja, atajambulidwa zithunzi zokaonetsa kwa amene anapereka ndalama. Mai amene mwana wake wakwiriridwa m'matope dzana adzakweza dzanja kwa aliyense amene wanyamula bulangeti. Koma dzanja limenelo lakwezedwa ndi chisanu, si chikhulupiriro. Ndi chapafupi kuloza chala mipingo ina. Nanga ife? Kalembera akafika m'manja mwa atsogoleri a mphakati, kodi sizichitika kuti maina oyamba kulembedwa ndi a amene anapereka mtulo, ndipo womangidwa ukwati kunja kwa tchalitchi, wa mpingo wina, Msilamu, kapena mkulu wa kudambwe, amakumbukiridwa matumba atatsala awiri? Aliyense wa ife ayankhe mumtima mwake. Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'chikalata chake cha 1965 chonena za ntchito ya umishoni, unaphunzitsa kuti chikondi cha mkhristu chifikire onse mosasankha mtundu kapena chipembedzo, ndiponso mosayembekeza phindu ngakhale kuthokozedwa. Papa Benedikto XVI anabwereza zomwezo m'kalata yake yoyamba ya 2005, nachenjeza kuti ntchito zachifundo zisasanduke njira yokokera anthu mumpingo. Izi sizitanthauza kuti tichite manyazi ndi dzina la Khristu. Munthu akatifunsa chifukwa chimene tadzera, timuuze. Koma ayambe wadya, wafunda, ndipo adziwe kuti ngakhale akane mau athu, thumba lake la mwezi wamawa lilipobe.

Chachiwiri sitichikamba kawirikawiri, mwina chifukwa sichimveka ngati nkhani ya uzimu: ndi nkhani ya kalendala. Anamondwe amabwera pakati pa Disembala ndi Malichi. Imeneyo ndiyo miyezi imene ngakhale kuno ku Mchinji nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndalama zathera ku feteleza ndi fizi, ndipo mabanja ambiri akudya kamodzi patsiku. Kalata ya Ambuye Episkopi yopempha thandizo imatipeza m'nyengo imene tili osauka koposa m'chaka chonse. Timapereka ndithu, koma timapereka malaya akale ndi timakwacha totsala, chifukwa chimanga chathu chinapita kale mu Meyi ndi Juni, pamene mavenda anaika masikelo ao pamphambano iliyonse, nachigula motchipa, china n'kuolokera nacho malire. Mtima wopatsa tili nao. Chimene tilibe ndi chizolowezi chosungira mnzathu.

Mpingo woyamba unalidziwa vuto limeneli. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 11, likusimba kuti akhristu a ku Antiokeya atamva kuti kukubwera njala, anayamba kusonkhera abale ao a ku Yudeya, yense monga mwa kupata kwake. Anasonkha atangochenjezedwa, osadikira maliro. Ndipo Paulo Woyera, m'kalata yoyamba kwa Akorinto, mutu 16, anawalangiza kuti aziika padera kanthu tsiku loyamba la sabata iliyonse, kuti pamene iye afika pasakhale kuthamangathamanga kosonkha. Paulo, amene timamudziwa monga mlaliki woposa onse, anataya zaka zingapo za utumwi wake akuyendetsa chopereka chimenechi, ndipo ulendo wokachipereka ku Yerusalemu ndi umene unamufikitsa m'ndende. Sanaone kuti kusenza thumba la ndalama za anjala n'kutsika pa udindo wa mtumwi.

Tiyerekeze tsono. Parishi imodzi ya kuno ili ndi miphakati makumimakumi. Mphakati uliwonse utati uike padera thumba limodzi lokha la chimanga pa nthawi yokolola, pamene thumba silipweteka munthu, lothira mankhwala bwino, lolembedwa m'buku limene aliyense angathe kuliona, parishiyo ingakhale ndi lole yodzaza Disembala asanafike. Tikudziwa zovuta zake, ndipo sitikuzibisa. Anankafumbwe alipo. Alipo anankafumbwe ena a miyendo iwiri, amene agwetsapo ntchito zabwino zambiri m'mipingo. N'chifukwa chake makiyi sayenera kukhala ndi munthu mmodzi, ngakhale munthuyo atavala kolala. Padzakhalanso mkangano chaka chimene namondwe sabwera: kodi chimangacho chidyedwe ndi amasiye a pamudzi pomwepo, kapena chigulitsidwe ndalama zisungidwe? Imeneyo ndi milandu yabwino, yoyenera kuti makhonsolo a parishi atuluke nayo thukuta, kusiyana ndi kutha Loweruka lathunthu akukangana za mtundu wa nsalu ya pa chikondwerero.

Abambo aja amene anafika pa Kachebere mu 1903 anayenda miyezi, panyanja, pamtsinje ndi pansi, kudzafika kwa anthu amene sanali abale ao. Kuchokera pa Boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita ngati 110 a tala, ndipo lole yonyamuka kuno m'mamawa imagona ku Phalombe tsiku lomwelo. Chimanga cha chaka chino chikadzalowa m'matumba, masikelo a mavenda adzakhala atafika kale pamphambano. Ndipo akapitao a miphakati yathu, ngati nkhaniyi aimva, adzayenera kufika pakhomo la mlimi sikelo isanafike.